Nthambi za Buddleja zikungoola m'machubu, ndikulakwitsa pati?

NaMaluwa:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kuchulukitsa Buddleja davidii, chitsamba chija agulugufe amaunjikana pa maluwa ake. Nthambi ndikuzika m'machubu a dothi la kudimba, kuthirira m'mawa ndi madzulo, koma pakangotha sabata zikuda kumunsi n'kuola. Vuto ndi nyengo, dothi kapena kadulidwe?

Wanazale:
Amayi, zikupha nthambizo ndi dothilo ndi madziwo. Nthambi yopanda mizu siimwa madzi ambiri, ndiye dothi la kudimba likakhala chinyowere mpweya sulowa, ndipo pabala pomwe mwadula m'pamene kuola kumayambira. Sakanizani magawo awiri a mchenga wokhakhala wa kumtsinje ndi gawo limodzi la kompositi wosefa. Manyowa osapsa ndi feteleza, ayi ndithu. Muonenso kuti machubu ndi oboola pansi.

Dulani m'mamawa dzuwa lisanakwere. Sankhani mphukira za chaka chomwechi zopanda maluwa, zomwe kumunsi zayamba kukhwima koma kunsonga zikadali zanthete. Yokhala ndi maluwa imathera mphamvu kumaluwako. Utali ukhale masentimita 10 mpaka 15, ndipo mudule ndi lezala kapena mpeni wakuthwa, woyera, pansi penipeni pa mfundo, chifukwa mizu imatuluka msanga pamenepo. Mpeni wobuntha umatswanya khungwa. Thotholani masamba onse akumunsi, musiye awiri kapena anayi kumtunda. Akakhala aakulu aduleni pakati kuti asamataye madzi.

Boolani kadzenje ndi kamtengo, lowetsani theka la nthambi, tsinderani pang'ono, thirirani kamodzi mokwanira. Vindikirani ndi botolo la malita 2 lodula kumunsi, muike pamthunzi powala. Padzuwa botololo limasanduka mphika. Masamba a Buddleja ali ndi ubweya womwe umasunga madzi, choncho tsegulani chitsekerero kwa kanthawi tsiku lililonse, ndipo masamba asagunde botolo. Musathirirenso mpaka chala chikuuzeni kuti mchenga wayamba kuuma.

NaMaluwa:
Zikomo bambo. Nanga ufa uja wothandiza mizu ndi wofunika? Ndipo ndidziwa bwanji kuti zagwira?

Wanazale:
Buddleja imagwira ngakhale popanda ufawo. Ngati mulinawo, ingokhudzitsani kumunsi n'kusasa wotsala, wochuluka umawotcha. Nyengo yofunda mizu imabwera pa masabata 3 mpaka 6. Musanyengedwe ndi timasamba tatsopano, nthambi imatha kuphuka ndi chakudya chomwe inasunga ilibe muzu ndi umodzi womwe. Kokani pang'onopang'ono: ikakana, yagwira. Kenaka muzichotsa botolo kwa maola ochepa, kuwonjezera tsiku ndi tsiku kwa sabata yathunthu. Mukachotsa kamodzin'kamodzi zimafota.

Mlimi265:
Pali njira ina yosafuna botolo, yofanana ndi momwe timabzalira chinangwa. Mu Juni kapena Julayi dulani nthambi zokhwima, zonenepa ngati pensulo, zotalika masentimita 20 mpaka 25, muchotse masamba onse. Kumunsi dulani mowongoka, kumtunda mopendeka, kuti musasokoneze. Yozikidwa chadodolido siimera. Kwirirani magawo awiri mwa atatu. Imachedwa, imatha miyezi iwiri kapena itatu, koma siivuta kusamala. Mdani wake ndi chiswe, ndiye machubu akhale pathandala, osati pansi.

Kuwokera m'munda dikirani mvula ikhazikike mu Disembala, mutalikitse mamita 2, pamalo a dzuwa osadikha madzi. Ikakula pang'ono tsinani nsonga kuti ichite nthambi zambiri.

Wakunkhalango:
Zonsezo n'zoona, koma chenjezo pang'ono. Buddleja davidii kwawo ndi ku China, ndipo njere zake n'zazing'ono, zouluka ndi mphepo. Ku Britain inadzaza m'mphepete mwa njanji ndi m'ming'alu ya makoma. Muzidula maluwa akangofota njere zisanakhwime. Potero imabwerezanso maluwa ena. Kuno tili ndi yathu, Buddleja salviifolia, yomwe imamera yokha m'mapiri monga ku Nyika. Maluwa ake ndi onunkhira, agulugufe ndi njuchi amaikonda, ndipo imagwira ndi nthambi zokhwima ngati momwe achimwene afotokozeramu. Wina akakupatsani Lantana camara kuti nayonso imakoka agulugufe, kanani: imalanda malo odyetsera ziweto, ndipo masamba ake amawononga chiwindi cha ng'ombe.