Mwana wanga amakweza kwambiri mahedifoni, makutu sawonongeka?

Mayi wa anyamata awiri:
Ndithandizeni nzeru abale. Mwana wanga wamkulu ali ndi zaka 9, ndipo akangogwira foni, mahedifoni ali kale m'makutu, kaya ndi makatuni kaya magemu. Ine ndili pampando wina ndimamva zonse zomwe akumvera. Tsopano wayamba kundiuza kuti m'khutu mukumalira "tiii" ngakhale atawavula. Kodi phokoso likafika pati ndiye kuti ndi loopsa kwa mwana?

Bambo a Mtsikana:
Mayi, kulira kwa m'khutuko musakuone mopepuka. Mkatikati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati titsitsi, ndito timatumiza mawu ku ubongo. Phokoso lalikulu limatitopetsa, likapitirira timafa, ndipo tikafa sitimeranso. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwana asapitirire madesibelo (muyezo wa kukula kwa phokoso) 75 kwa maola 40 pa sabata, pomwe wamkulu ndi 80. Anthu akamacheza bwinobwino mawu awo amakhala cha m'ma 60. Choopsa n'chakuti mukangowonjezera madesibelo 3 okha, nthawi yomwe khutu lingapirire imatsika ndi theka. Foni yokwezedwa mpaka kumapeto imatha kudutsa 100, ndiye apo mphindi zochepa chabe ndi zokwanira kuvulaza khutu.

Namwino wopuma:
Bambowa anena zoona. Ine ndingowonjezera kuti mwanayo mupite naye kuchipatala akamuyeze makutu, musadikire kuti ayambe kufunsa "mwati chiyani?" pa chilichonse. Vutoli limabwera pang'onopang'ono, silipweteka, ndiye makolo timalizindikira mochedwa, mwina mwana atayamba kale kubwerera m'mbuyo m'kalasi. Kunyumba, akavala mahedifoni, imani pafupi naye moti mutha kumugwira, mumulankhule ndi mawu anu a masiku onse. Akapanda kumva, voliyumu yakwera kwambiri.

Achemwali anu:
Mafoni ambiri ali ndi potsekera voliyumu kuti isadutse pomwe mwaika. Ikani pa 60 peresenti kapena kutsika, ndipo ola likakwana avule, makutu apume. Wamng'onoyo musamuiwale. Zidole zolira ana amakonda kuzigunditsa kukhutu, ndiye matani tepi pomwe pamatulukira mawupo. Pamalo a zoimbaimba musakhale naye pafupi ndi masipika. Timaphira totseka m'makutu ndi toopsa kwa khanda chifukwa atha kutimeza, bola zovala kumutu zophimba khutu lonse.

Mayi wa anyamata awiri:
Zikomo nonse. Voliyumu ndaitsekera kale, ngakhale mwini wake wanyinyirika. Amayi anamwino, kuyezako kumapweteka? Ndi wamantha kwambiri.

Namwino wopuma:
Ayi mayi, sikupweteka. Amamuveka mahedifoni, ndipo akamva kamawu amangokweza dzanja kapena kudina batani.