Zithunzi za paphiri la Zomba zayera mbuu: lenzi yafa kodi?

Thoko, Zomba (Lamulungu, 19:12)
Akuluakulu, ndithandizeni mutu usanandizungulire. Loji ina kuno yandipatsa ntchito ya kalendala ya chaka chamawa: zithunzi 12, mwezi uliwonse chakechake, zonse za tinthu ting'onoting'ono ta kutchire monga maluwa, tizilombo ndi bowa. Ine mumandidziwa, ndine wa maukwati ndi zinkhoswe, macro, kujambula tinthu ting'onoting'ono chapafupi kwambiri, ndangoyamba kumene. Ndinagula lenzi ya Canon 100mm f/2.8 yogwirapo kale ntchito, ndaiika pa kamera yanga ya 80D. Dzulo ndinalawirira kuphiri, kuyambira ku damu la Mulunguzi mpaka ku Williams Falls, zithunzi zoposa 300. Kufika kunyumba, kuziika pa kompyuta, palibe n'chimodzi chomwe chili sharp. Zonse zayera mbuu ngati ndimajambula kamera ili m'jumbo. Kodi anandigulitsa lenzi yakufa? Mwini loji akufuna kuona zitatu zoyamba Lachisanu.

Che Saidi, Mangochi (19:20)
Pepani achemwali. Kamera inagona pati usiku wa Lachisanu?

Thoko
M'galimoto, paphiri pomwepo. Tinagona konko kuti tisachedwe.

Che Saidi
Ndiye poyambira ndi pomwepo. Galasi linazizira usiku wonse, inu n'kulitulutsa dzuwa litayamba kutenthetsa udzu wonyowa. Limachita thukuta ngati botolo la Fanta lochoka mufiriji. Kuno kunyanja zimatichitikira tikatuluka m'chipinda cha AC. Mukapukuta kutsogolo mumayesa mwathana nazo, pomwe zina zakhala mkati. Muziika kamera m'jumbo, kumanga pakamwa, n'kuisiya panja mphindi 20 kapena 30 musanatsegule. Thukutalo limathera pajumbopo.

Thoko
Zoona, zoyambirira zinali choncho, ndinapukuta kangapo. Koma ngakhale za cha m'ma 10 koloko n'zosaoneka bwino.

Bambo Phiri, Limbe (19:41)
Mayi, musanaimbe mlandu wogulitsa, chitani izi panopa. Chotsani lenzi pa kamera, chotsaninso zivindikiro zonse ziwiri. Zimitsani getsi m'chipinda. Walitsani tochi ya foni kuchokera kumbuyo kwa lenzi, mopendeketsa pang'ono, inu muyang'ane kutsogolo. Kenako tembenuzani. Fumbi limaoneka ngati timadontho, limenelo musade nalo nkhawa, lenzi iliyonse lilimo. Mukaona timizere toyera tophuka nthambi ngati ukonde wa kangaude, ndiye chuku. Mundiuze chili galasi liti.

A Gondwe, Rumphi
Nkhungu zilipo zitatu m'dziko muno: ya paphiri, ya m'lenzi, ndi ya panyanja ija anzathu a ku Nkhata Bay amachita ndiwo. Tiyeni tipemphere kuti ikhale yoyambayo.

Thoko (19:58)
Mayo ine. Ukonde ulipo. Kutsogolo kwenikweni wadzaza pafupifupi theka. Kwinaku ndikuona kanthambi kamodzi m'mphepete, mkati.

Bambo Phiri
Kutsogolo kwenikweni mukunenako, pali filter, kagalasi kaja komangirira pamwamba pa lenzi?

Thoko
Eya, ya UV. Inabwera ili pomwepo, sindinaichotsepo.

Bambo Phiri
Imasuleni, muwalitsenso.

Thoko (20:05)
Bambo Phiri!! Ukonde wonse wachoka ndi filter. Palenzi patsala kanthambi kaja basi.

Bambo Phiri
Mwapulumuka. Filter yotchipa yokhala ndi chuku, kuwala kukaigunda cham'mbali, chithunzi chonse chimayera. Kanthambi ka m'mphepeteko sikangaononge zithunzi 300, koma sikoti mukasiye. Chuku chimadya utoto wopyapyala umene amapaka pagalasi, ndipo chikakhalitsa chimasiya zipsera zoti ngakhale titatsuka sizichoka. Mukapereka zitatu zanuzo mubwere nayo, ndiitsegule. Pakadali pano isagone chikwama chimodzi ndi malenzi anu a maukwati.

Che Saidi
Muiike mumpunga usiku uno.

Bambo Phiri
Che Saidi, mpunga wa Kilombero usiyeni udikire nkhuku. Malenzi amene amandipeza atagona mumpunga amabwera ndi fumbi loyera m'mphako zonse, chinyezi chili chikhalire. Chofunika ndi bokosi la pulasitiki lija lotseka ndi labala, silica gel woyamwa chinyezi wokwanira, osati timapaketi tiwiri ta m'bokosi la nsapato, ndi kachipangizo koyezera chinyezi, hygrometer. Singano izikhala pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Ikapitirira 60 masiku angapo, chuku chapeza munda. Musatsitsenso kwambiri, chifukwa girisi wa m'lenzi amauma. Silica wa mtundu wa lalanje akasanduka wobiriwira ndiye kuti wakhuta madzi: muwotcheni mu uvuni wa moto wochepa, cha pa 110 digiri, ola limodzi kapena awiri, abwerera mwakale. Ubwino wa bokosi ndi woti magetsi akazima silidziwa. Ndipo chikwama cha nsalu chimene mwanyowa nacho kuphiri si mosungira kamera, chiyanikeni.

A Gondwe (20:31)
Ine sindinakhutire. Achemwali, tatumizani chimodzi mwa za 10 koloko zija, ndi manambala ake.

Thoko
Ichi. Kachiwala pa tsamba. f/32, 1/40, ISO 1600, chogwirira pamanja. Ndinatseka kabowo ka lenzi mpaka f/32 kuti thupi lonse ligwire focus, chifukwa pa f/8 kumangogwira diso lokha.

A Gondwe
Ndimadziwa! Filter ija yangosenza mlandu wa anthu atatu. Pano pali zolakwika zina ziwiri, ndipo tonse tinadutsamo.

Choyamba 1/40 ya sekondi, shutter yotsekula kamera pojambula ikuchedwa kutseka. Pa macro, kunjenjemera kwa dzanja kumakula limodzi ndi kachilomboko. Onjezani kamphepo ka paphiri kogwedeza tsamba, palibe chimene mungatole.

Chachiwiri n'chovuta kuchikhulupirira ukachoka ku maukwati. Mukayandikira mpaka 1:1, pamene chinthu chikugwa pa sensor, kachipangizo kolandira chithunzi mkati mwa kamera, ndi msinkhu wake weniweni, f/32 yanuyo imagwira ntchito ngati f/64. Kabowo kakachepa chotero kuwala kumamwazika podutsa, ndiye diffraction imeneyo. Chithunzi chonse chimafewa, ndipo palibe pulogalamu imene ingabweze tsitsi la pamwendo wa chiwala litasungunuka. Pa sensor ya 80D, ya 24 megapixel, ine sindipitirira f/11, mwina f/13 pakavuta. Koma dziwani kuti pa 1:1 ndi f/11 malo ogwira focus safika ngakhale milimita imodzi. Si vuto la lenzi yanu, ndi mmene galasi lilili.

Musandikhulupirire ine. Tengani K1,000, iyaleni patebulo, kamera pa tripod, timer ya masekondi awiri, filter mutachotsa. Jambulani diso la Kamuzu pa f/8, f/16 ndi f/32. Muone timizere ta pankhopepo.

Thoko (21:10)
Ndayesa. Pa f/8 ndikuwerenga kamzere kalikonse. Pa f/16 zayamba kufewa. Pa f/32 Ngwazi yachita ngati yadzola mafuta ambiri. Ndiye kuti lenzi ili bwino, wolakwa ndine. Nanga thupi lonse la kachilombo ligwire bwanji?

A Gondwe
Bwererani m'mbuyo pang'ono. Pa 1:2 ndi f/11 yomweyo mumapeza mamilimita awiri ndi theka, ndipo kalendala sifuna kuti diso la ntchentche lidzaze pepala. Kenako ikani kamera mofanana ndi thupi la kachilomboko, cham'mbali, kuti mutu ndi mchira zikhale mtunda umodzi kuchokera kwa inu. Mukachijambula chokuyang'anani, landirani kuti kugwira maso okha, ndipo nthawi zambiri chithunzi chokongola ndi chimenecho.

Kugwedezeka kuthetseni ndi fulashi. Manual, 1/250, f/11, ISO 200, fulashi pa 1/8 kapena 1/16. Kung'anima kwake n'kwachangu kuposa shutter, ndiko kumaimitsa tsamba. Focus ikani pa manual, muzisuntha thupi lanu kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono, diso likangowala dinani. Zambiri mutaya, musadandaule.

Nachisale, Lilongwe (21:26)
Ndangolowa. Fulashi yosaphimba pa chikumbu kapena chule wonyowa imasiya chigamba choyera chonyansa. Diffuser yanga, chophimba chofewetsa kuwala kwa fulashi, ndinadula ku chigubu choyera cha malita asanu, n'kuboola pakati polowetsa lenzi, mkati ndinamata kapepala kofewa kaja amakutira TV yatsopano. Anthu amaseka akaiona, koma zithunzi sazikana. Ikhale yaikulu ndiponso pafupi ndi chinthucho.

Che Saidi
Nanga stacking bwanji? Kujambula zithunzi 20 kapena 30 focus ikusuntha, n'kuziphatikiza mu pulogalamu ya Helicon Focus kapena Photoshop kuti chinthu chonse chigwire focus.

Nachisale
Pa bowa ndi ndere za pamiyala inde, poti sizithawa. Utale kapena tibowa ta pachipika chowola, tripod pansi, mwamaliza. Koma 80D ilibe focus bracketing yoti izisuntha focus yokha, azipotokola ndi dzanja. Pa tizilombo mwezi uno aiwale. Adikire Juni ndi Julaye. Kukazizira, tombolombo ndi agulugufe amagona paudzu ali ndi mame thupi lonse, osatha kuuluka mpaka dzuwa liwawombe. Mukafika 6 koloko isanakwane mutha kujambula 40 kanthu kali phee. Ndiye masiku a chiperoni, anthu akamadandaula kuti kunja kwaipa, ife ndi pamene timanyamuka: kuwala kumakhala kofewa, ndipo ukonde uliwonse wa kangaude umakhala utavala mikanda.

Bambo Phiri
Masiku omwewo ndi amene amandibweretsera makasitomala. Pofika kunyumba, pukutani, siyani pamphepo ola limodzi, kenako m'bokosi.

A Gondwe (21:48)
Poti ndi kalendala, musadye miyezi yonse pa tizilombo. Januwale ndi Febuluwale ndi wa maluwa aja a ma orchid. Zomba ali nawo ake m'madambo a pamwamba, koma mukapeza ya mafuta bwerani ku Nyika, kuno mitundu yake imaposa 200. Kuzungulira kampu ya Chelinda mungathe tsiku lonse osayenda mtunda wa bwalo la mpira. Kungoti msewu wochokera ku Rumphi kudzera pa geti la Thazima nthawi ya mvula umafuna galimoto yamphamvu, ndipo mphepo ya kumtunda kuno sipuma. Ine ndimanyamula ambulera yoyera, imatchinga mphepo ndi dzuwa lomwe.

Chimodzi ndikupempheni. Musanaike zithunzi za ma orchid pa Facebook, fufutani GPS ndipo musatchule dambo lake. Ma Disa, Satyrium ndi Habenaria ndi omwe aja amakumbidwa kupanga chinaka, ku Zambia amati chikanda. Ndinabwererapo pamalo pena patatha milungu iwiri n'kupeza maenje okhaokha.

Nachisale
Epulo ndi Meyi ngala za udzu dzuwa likuchokera kumbuyo. Ogasiti mpaka Seputembala masamba atsopano a mitengo ya mombo ndi tsamba, ofiira aja. Okutobala nyenje, koma fumbi ndi utsi wa moto wolusa, musasinthe lenzi panja. Ndipo bilimankhwe mumusake usiku ndi tochi, akagona amayera, amaoneka patali.

Thoko (22:03)
Ndalemba zonse. Koma mwandikumbutsa china. Kalendala ikupita kosindikiza kumapeto kwa Seputembala. Okutobala, Novembala ndi Disembala ndiwatenga kuti? Mwini loji anatchula yekha ngumbi za mvula yoyamba.

Bambo Phiri
Ngumbi sizituluka pa oda. Muwauze Lachisanu lomwelo, osati mu Ogasiti. Asankhe: mugule zitatu kwa anzanu dzina la wojambula lilembedwe pansi, kapena miyezi itatuyo ilandire zithunzi zosaloza nyengo, monga ndere, makungwa ndi nthenga. Chimene mwagwirizana chilembedwe papepala, ndi ndalama yake.

Nachisale
Ngumbi ndili nazo za Disembala wathayu, zikutuluka pachulu madzulo, mapiko akuwala. Nyenje ndilinso nayo. Tikambirana kumbali.

Thoko (Lachitatu, 11:37)
Ndabwerako. Kamera inagona m'nyumba, m'bokosi, ndipo pokwera inali m'jumbo. Filter kulibe, f/11, 1/250, chigubu cha a Nachisale kutsogolo. Pa 180 ndasankha 9. Onani kachule aka ka pa tsamba la m'mbali mwa Mulunguzi, m'diso mwake mukuoneka chigubu changa. Bowa ndinachita stacking ya zithunzi 14, m'mphepete mwa chipewa mwatuluka kamzukwa pang'ono.

Nachisale
Munagwedeza tripod popotokola. Pali burashi yokonzera mu Helicon, tengani m'mphepetemo kuchokera pa chithunzi chimodzi. Kachuleko musakakhudze.

A Gondwe
Kumbuyo kwa chule kwada kwambiri, ngati usiku. Kwezani ISO ifike 400, tsitsani fulashi, kuwala kwa tsiku kulowe nawo. Apo ayi gwirani tsamba lina kumbuyo kwake, patali ngati chikhato.

Thoko
Ndibwereranso mawa m'mawa, mwina ndikampeza pomwepo. Bambo Phiri, lenzi ndibwera nayo Loweruka pa minibasi yoyamba.

Bambo Phiri
Mufike isanakwane 10. Filter ija mwaitaya?

Thoko
Ndavindikirira kapu ya tiyi.

Bambo Phiri
Kapuyo isayandikire bokosi.