Uthenga woti mayiko aletsa Khrisimasi: tiwulutse bwanji?

Phiri: Akuluakulu, pa WhatsApp pakuyenda uthenga woti Sweden, Britain, China ndi Brunei aletsa Khrisimasi. Omvera akuimba foni kufunsa, ndipo pulogalamu ndi ya 6 koloko madzulo ano. Tinene kuti ndi bodza kapena zoona?

Nabanda: Musawamange mtolo umodzi, a mkonzi. Pa dziko lililonse funsani: waletsa ndani, waletsa chiyani, chaka chiti? Za Sweden zinabuka mu 2016. Bungwe loona za misewu la Trafikverket linaletsa makhonsolo kupachika nyali za Khrisimasi pa mapolo ake, chifukwa mapolowo sanapangidwe kuti azinyamula katundu wotero, komanso lamulo sililola bungwelo kugawira ena magetsi ake. Za chipembedzo anachita kusomekapo ofalitsa mphekesera. Za Britain ndi nkhani yakale ya "Winterval" ku Birmingham mu 1997 ndi 1998. Linali dzina lotsatsira zochitika za nyengo yozizira, Khrisimasi ili momwemo. Nyuzipepala ya Daily Mail, yomwe inalemba kuti dzinali linalowa m'malo mwa Khrisimasi, inafika povomereza kulakwa mu 2011.

Chirwa: Za Brunei musazitche bodza. Mu 2015 zinamveka padziko lonse lapansi kuti kukondwerera poyera ndi koletsedwa, chilango mpaka zaka 5 m'ndende, koma Akhristu amaloledwa kukondwerera m'nyumba ndi m'matchalitchi mwawo. Ku China kulibe lamulo la dziko lonse. Chomwe chimagwidwa mawu kawirikawiri ndi chikalata cha mzinda wa Langfang, m'chigawo cha Hebei, cha Disembala 2018, choletsa zokongoletsa ndi malonda a Khrisimasi m'misewu. Mzinda umodzi si dziko.

Phiri: Ndamva. Koma ndafufuza nyuzipepala za ku Brunei ndi China, sindikupeza wotsutsa kapena wodandaula. Sindiye kuti nkhaniyi ndi yopeka?

Chirwa: Ayi achimwene, apa m'pamene ambiri amaterereka. Atolankhani akakhala chete ku Sweden ndi akakhala chete ku Brunei, si chete mmodzi. Sweden ili ndi lamulo la ufulu wa atolankhani kuyambira 1766, ndipo aliyense atha kupempha zikalata za boma. Chiletso cha Khrisimasi sichikanabisika kumeneko. Mukapanda kuchipeza, kulibe. Ku Brunei nyuzipepala imayendera chiphaso chokonzanso chaka ndi chaka, ndipo The Brunei Times inatsekedwa mwadzidzidzi mu Novembala 2016. Ndani angadandaule m'nyuzipepala? Ku China, Google ndi Facebook ndi zotsekedwa, zolemba za pa tsamba la mchezo la Weibo zimafufutidwa. Kumeneko kusowa kwa nkhani sikutsimikizira kalikonse.

Nabanda: Choncho pa mayiko awiriwo chitani chonchi. Tembenuzani mawu ofufuzira m'Chitchaina kapena m'Chimalaya (chiyankhulo cha ku Brunei), chifukwa Chingerezi chimangokubwezerani mphekesera yomweyo. Mukapeza chikalata, chijambuleni pomwepo pamodzi ndi tsiku ndi linki, mawa chitha kusowa. Linki ikafa, yesani Wayback Machine, tsamba losunga makope akale a masamba a pa intaneti. Kenako pezani mabungwe awiri akunja ofalitsa nkhani omwe analemba paokha, monga AP ndi Reuters. Samalani: masamba khumi okopera nkhani imodzi ndi gwero limodzi basi. Zithunzi za muuthengawo ziponyeni mu Google Lens kapena TinEye, zida zofufuzira zithunzi pa intaneti, muone chaka chomwe zinayamba kuoneka.

Mwale: Ine nkhawa yanga ili pa kawerengedwe. Musayambe ndi mphekeserayo, womvera ali pa minibasi amagwira chiganizo choyamba chokha. Yambani: "Sweden ndi Britain sanaletse Khrisimasi." Kenako Brunei ndi malire ake, kenako Langfang, chaka mukutchula. Musatsegule mafoni musanamalize kufotokoza, nkhaniyi imafulumira kusanduka mkangano wa Akhristu ndi Asilamu. Pa Facebook musaike chithunzi cha uthengawo chili chomwecho. Lembani "ZOSOKERETSA" ndi zilembo zazikulu pakati penipeni, kuti wina asadule m'mphepete n'kuchifalitsanso ndi dzina la wailesi yanu.

Phiri: Zikomo nonse. Ndiupatsa mphindi 4, dziko lililonse mphindi imodzi, mafoni pambuyo.