Thandizeni: chenjezo la vayirasi pa laputopu ya amayi

Abale, ndithandizeni nzeru. Dzulo amayi anga akuwerenga nkhani pa Chrome, sikirini yonse inadzaza ndi uthenga wofiira, alamu ikulira, akuti kompyuta yagwidwa ndi vayirasi, aimbe msanga nambala ya "Microsoft". Chifukwa cha mantha anaimbadi. Munthu wolankhula Chingerezi anawauza kuti aike AnyDesk, pulogalamu yolola munthu wina kuyendetsa kompyuta ali kutali, n'kumuwerengera manambala a pulogalamuyo. Posakhalitsa anangoona kamuvi kakuyenda kokha pa sikirini. Atayamba kufunsidwa za khadi la kubanki m'pamene anadula foni n'kuzimitsa laputopuyo.

Microsoft saika nambala ya foni pa machenjezo ake, ndiye awa ndi akuba basi. Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti mwina anasiyamo kanthu. Kodi kuchotsa AnyDesk n'kufufuza ndi Microsoft Defender (pulogalamu ya mu Windows yosaka mavayirasi) n'kokwanira, kapena ndifufute zonse n'kuikamo Windows yatsopano? Mapasiwedi awo a Gmail ndi Facebook ali mu Chrome momwemo. Ndiwasinthire pa foni yanga?

Chinanso, timauthenga tabodza tikumatulukirabe pakona yakumanja. Ndikuganiza kuti anadina Allow patsamba lina, n'kulilola kuti lizitumiza mauthenga. Zimenezi zimatsekedwa pati?