Mwana wa miyezi 30 sakuyankhula ndipo wayamba kuluma anzake: ndipite naye kwa ndani?

Mlezi Watsopano

Alezi anzanga, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. M'chipinda changa muli ana 19, ndipo mmodzi, mnyamata wa miyezi 30, mpaka pano satchula liwu ngakhale limodzi. Akafuna kanthu amandigwira dzanja n'kundikokera pamene pali chinthucho. Ndikamuitana atandifulatira sacheuka, koma ndikaima kutsogolo kwake amandiyang'ana pakamwa osaphethira. Dzulo mphepo inamenyetsa chitseko, ana onse anadzidzimuka, awiri mpaka kulira, iye phee, akusanja timatabwa take. Sabata ino waluma anzake kawiri ndipo makolo a olumidwawo akuti achotsedwe. Mayi ake nditawafunsa anangoti bambo akenso anachedwa kuyankhula. Kodi thandizo la ana otere limapezeka kuti? Nanga ine mlezi ndili ndi mphamvu yopita naye kuchipatala ndekha?

Mayi Wamkulu wa Alezi

Mwana wanga, usalole kuti achotsedwe. Akachoka pamenepo akakhala kunyumba popanda womuona ndi diso ngati lakoli.

Koma samala ndi pakamwa. Ndili wamng'ono pantchitoyi ndinauza mayi wina pachipata, anzake akumva, kuti mwana wawo ali ndi vuto la m'mutu. Anamuberekera kumsana osayankha, ndipo sindinamuonenso mwana uja. Mpaka lero zimandipweteka. Kutchula matenda si ntchito yathu. Yathu ndi kuona, kulemba ndi kuperekeza.

Tenga kope. Kwa masiku asanu lemba zimene waona ndi maso, tsiku ndi nthawi: "ndinaitana katatu kumbuyo, sanacheuke," "analoza mpira ndi chala," "analuma atalandidwa chidole." Ulembenso zimene amachita bwino. Ukatero upemphe mayi ake mukhale pansi awiriwiri ana ataweruka, uyambe ndi zabwinozo. Za kupita naye wekha, ayi. Mwana sapimidwa kulikonse popanda chilolezo cha makolo ake.

Mlezi wa Zaka 12 Pantchito

Amayi mwanena bwino, komabe tisathamange. Ana aamuna amachedwa, ndawaona ambiri. Komanso ngati kunyumba amayankhula ziyankhulo ziwiri mwana amasokonezeka. Ine ndikanadikira mpaka akwane zaka zitatu.

Namwino wa Kusikelo

Achemwali, pepani, pa kudikirako ndikutsutsani. Ziyankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana; amasakaniza mawu, inde, koma amayankhula. Ndipo kusiyana kwa ana aamuna ndi aakazi n'kochepa kwambiri, sikungafotokoze mwana wa miyezi 30 wopanda liwu n'limodzi lomwe. Zimene timayang'ana ife ndi izi: pofika miyezi 12 mwana azibwebweta, aziloza ndi kubayibitsa, pofika miyezi 16 akhale ndi mawu amodziamodzi, pofika miyezi 24 azilumikiza mawu awiri, monga "mama bwera." Akapanda kutero timamutumiza kukayezedwa. Akasiya zimene ankatha kale, pa msinkhu uliwonse, timatumiza tsiku lomwelo.

Mlezi Watsopano, zimene mwafotokozazi, makamaka za chitseko ndi kukuyang'anani pakamwa, zikuti yambani ndi makutu. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati ana 34 miliyoni padziko lapansi ali ndi vuto lalikulu la kumva, ndipo pafupifupi 60 peresenti ya kusamva kwa ana imachokera ku zinthu zopeweka: mafinya a m'khutu okhalitsa, chikuku, matenda oumitsa khosi, chikasu choopsa mwana atangobadwa, ngakhale mankhwala ena amphamvu. Choncho afunseni mayi mafunso atatu. Kodi m'khutu munatulukapo mafinya? Anadwalapo kwambiri mpaka kugonekedwa? Ankatchulapo mawu kale n'kusiya?

Khomo loyamba ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena sikelo imene mwanayo amakwera. Mayi atenge buku la mwana la kuchipatala, inu muwapatse tsamba la zimene munalemba. Apemphe momveka kuti akufuna mwana ayezedwe kumva, chifukwa pamzere wautali wachipatala akhoza kungosuzumira m'khutu n'kuti muli bwinobwino. Khutu looneka loyera si umboni woti likumva. Pali kuyeza kotchedwa OAE: amaika kachipangizo kofewa m'khutu, mphindi zochepa, sikupweteka. Ngati pamalopo palibe makinawo, alembe kalata yotumiza kuchipatala chachikulu.

Mlezi wa Zaka 12 Pantchito

Ndamva anamwino, ndalandira. Koma kuwomba m'manja kumbuyo kwake sikungatiuze ngati akumva? Ine ndimatero.

Namwino wa Kusikelo

Kumanyenga kumeneko. Mwana wosamva amakhala tcheru kwambiri ndi maso ndi khungu: amaona chithunzithunzi chanu pakhoma, amamva kamphepo ka m'manja, amamva pansi pakugwedera mukamayandikira. Akacheuka mudzati akumva pamene sakumva.

Mlezi Watsopano

Zikomo nonse. Mnzanga wina wandiuza kuti mwina ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kuvutika kuyankhulana ndi kucheza ndi anthu. Nanga zikakhala zimenezo?

Mphunzitsi wa Ana Osamva

Asisi, ngakhale akatswiri akamaganizira autism amayamba ayeza kumva, chifukwa zizindikiro zina zimafanana. Pali mafunso 20 otchedwa M-CHAT-R amene amafunsa makolo a ana a miyezi 16 mpaka 30, koma asiyireni achipatala. Ine chimene chandigwira mtima m'nkhani yanuyi ndi maso ake. Mwana amene akukuyang'anani pakamwa osaphethira akufunafuna mawu anu, akungosowa njira yowagwirira.

Musadikire zotsatira kuti muyambe kumuthandiza. Mawa m'mawa muike pafupi nanu, kuwala kwa pawindo kuzigwa pankhope panu osati kumbuyo kwanu. Musanayankhule gwadani mufanane naye msinkhu, mukhudzeni paphewa, ayambe wakuonani. Osakuwa, kukuwa kumapotoza milomo. Sankhani zizindikiro za manja zisanu zokha, monga madzi, chimbudzi, ndipatse, basi, ndi zikomo, ndipo muphunzitse chipinda chonse ngati sewero. Ana amazigwira msanga kuposa ife akuluakulu. Anthu amaopa kuti manja adzamulepheretsa kuyankhula, koma sizili choncho. Mwana amene wapeza njira yonenera za mumtima ndi amene amafulumira kuphunzira zina.

Kulumako ndiye chiyankhulo chake cha pakali pano. Taganizani, mnzanu wabwera kumbuyo osamumva, mwangoona chidole chachoka m'manja. Onani m'kope lanu, mupeza kuti amaluma pa nthawi zofanana. Pa nthawi zimenezo khalani pafupi, ndipo anzake aphunzire kumudzera kutsogolo. Akaluma, muonetseni nkhope yokana ndi chizindikiro cha "basi," kenako musamalire wolumidwayo iye akuona. Osamubwezera kuluma, osamutsekera payekha. Makolo a olumidwa muwauze zimene mukuchita kuti ana awo atetezeke, koma za umoyo wa mwana wa mnzawo si zawo.

Funsaninso kuofesi ya zamaphunziro ya m'dera lanu ngati kuli mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera amene amayendera masukulu. Ambiri a ife timalolera kubwera kusukulu ya mkombaphala tikaitanidwa, kungoti alezi sadziwa kuti akhoza kutiitana.

Wapampando wa Komiti ya Makolo

Ine si mlezi koma ndiloleni ndiponyepo. Nkhaniyi isakhale pamutu pa mlezi yekha. Kwathu titakumana ndi zotere tinakhala pansi n'kulemba pepala limodzi: mlangizi wa zaumoyo, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, woona za chitetezo cha ana, mphunzitsi wa zosowa zapadera, bungwe la anthu osamva, aliyense ndi nambala yake ndi tsiku limene amapezeka. Tinalimata kuseri kwa chitseko. Zinatitengera masabata atatu kuyenda maofesi, ena tinawapeza otseka kawiri konse, koma lero mlezi akakhala ndi nkhawa sayamba ndi kufunsa kuti ndipite kuti. Komiti yathu imaperekanso munthu woperekeza kholo ulendo woyamba. Mayi yekha, kalata m'manja, pachipatala chachikulu chimene sanafikepo, amabwerera pachipata.

Funso langa kwa akuluakulu: mayi akakana, si kunyalanyaza mwana kumeneko? Sitingakanene?

Mayi Wamkulu wa Alezi

Abambo, tisafulumire ndi mawu amenewo. Kukana koyamba nthawi zambiri ndi mantha. Mayi ameneyu anaona kalekale zimene mlezi waona dzulo, akungopemphera kuti zisakhale zoona. Mwinanso kunyumba akumuloza chala. Woona za chitetezo cha ana timamuitana msanga pakakhala mabala, nkhanza kapena mwana wosiyidwa. Apa timabwereza kucheza, timaitana bambo kapena agogo, timapempha mlangizi wa zaumoyo akawachezere kunyumba. Pakapita nthawi onse akutsekabe khomo, pamenepo a chisamaliro cha anthu angalowererepo, koma ngati othandiza banja.

Ndipo iwe mwana wanga, ana 19 a msinkhu umenewu munthu mmodzi ndi ambiri zedi. Ukapita kuofesi ya chisamaliro cha anthu usakanene za mwanayu zokha, ukanenenso za iwe. Funsa za maphunziro obwereza. A WHO ndi UNICEF ali ndi maphunziro otchedwa Care for Child Development, ophunzitsa kusewera ndi kuyankhulana ndi ana aang'ono, ndipo mu 2018 pamodzi ndi World Bank anatulutsa ndondomeko ya Nurturing Care imene imaika thandizo kwa olera ana pakati penipeni pa ntchitoyi. Sukupempha zachifundo. Ufunsenso ngati alezi a m'dera lanu amakumana. Ngati sakumana, yambitsani, ngakhale anayi, kamodzi pamwezi.

Mlezi Watsopano

Ndabweranso, papita masabata atatu. Ndinachita monga munanenera. Nditawawerengera mayi za m'kope, ndinayamba ndi mmene amasanjira timatabwa mwa mitundu kuposa anzake onse. Anamwetulira. Nditafika pa chitseko chija anakhala chete nthawi yaitali, kenako misozi. Akuti ankati "mama" ndi "dada" bwinobwino, koma ali ndi miyezi 14 anatentha thupi kwambiri, khosi linauma, anagonekedwa masiku ambiri. Atatuluka sanatchulenso kanthu. Iwo ankati ndi kufooka chabe, ndipo ankaopa kufunsa.

Wa komiti anawaperekeza. Kusikelo anawatumiza kuchipatala chachikulu, ndipo ayeza: makutu onse awiri akumva pang'ono kwambiri. Amuyeza kukula kwa makutu kuti amupangire timakina tothandiza kumva, awapatsanso tsiku lobwerera. Aphunzitsi, zizindikiro zija zagwira. Lachitatu anabwera kwa ine n'kupanga cha madzi yekha, osandikoka. Ndinachita kutembenukira kukhoma kuti ana asaone nkhope yanga. Kuluma kwachitika kamodzi kokha chiyambireni.

Tsopano timakinato tikabwera, ine ndidzatisamala bwanji kuno?

Mphunzitsi wa Ana Osamva

Asisi, mwandisangalatsa. Pemphani mayi kuti tsiku lokalandira mupite nawo, kapena akuphunzitseni zimene awauza. M'mawa uliwonse akafika, fumbatani kamakinako m'dzanja katayatsidwa. Kakalira likhweru ndiye kuti batire ili moyo. Pukutani phula la m'khutu pa kachikombole kolowa m'khutu ndi kansalu kouma. Madzi ndi mchenga ndiwo adani ake, choncho pa sewero la madzi vulani n'kusunga m'kabokosi kake. Mangirirani kachingwe kuchokera pa kamakina kufika pa kolala ya malaya, chifukwa masiku oyamba adzazula kambirimbiri. Inu muzingobwezera mofatsa, osakalipa. Timabatire tating'ono tija tisungeni pokhoma. Mwana akameza kamodzi kakhoza kumuwotcha kummero m'maola awiri okha, ndipo zikatero n'kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo, osamusanzitsa.

Namwino wa Kusikelo

Ndipo tsiku lobwereralo lisaphonyedwe. Pambuyo pa matenda oumitsa khosi m'kati mwa khutu mukhoza kuyamba kuuma ngati fupa, choncho akatswiri amafuna kumuona pafupipafupi. Lembani tsikulo m'kope lanu, muwakumbutse mayi kutatsala masiku awiri.