Zimene zachitika nditasintha kalembedwe ka zolinga zanga

Pa funso lija ndinafunsa chifukwa chimene ndimagwera ulesi msanga pa zolinga zimene ndadziikira, ena mwa inu munandilangiza kuti ndizilemba chimene ndikufuna kuchita m'malo mwa chimene ndikufuna kupewa. Ndinatsatira malangizowo. Pamene panali mawu akuti "ndisamagone mochedwa" ndinalembapo kuti "ikakwana 9 koloko usiku ndizimitsa foni, ndiwerenga pang'ono, kenako ndigona", ndipo zandithandiza kwambiri chifukwa tsopano ndimadziwa poyambira. Katswiri wa zamaganizo Peter Gollwitzer anasonyeza kuti munthu akatchuliratu nthawi ndi malo ochitira chinthu, kawirikawiri amachichitadi. Komabe cholinga chosunga ndalama chikundivutabe kuchilemba molimbikitsa, choncho ndikupempha amene anadutsamo andiuze mmene anachilembera.