Script ya mu /etc/rc.local siikugwiranso ntchito seva ikayaka

Wosamalira makompyuta, Chipata:
Moni nonse. Ndimasamalira makompyuta pasukulu ina kuno ku Chipata, ndipo seva yathu inali pa Ubuntu 14.04 (mtundu wina wa Linux) mpaka mwezi watha pamene ndinaikamo 22.04. Kale ndinali ndi script, kutanthauza malamulo angapo olembedwa mu fayilo ya /etc/rc.local, amene ankagawira intaneti makompyuta a ophunzira seva ikangoyaka. M'dongosolo latsopanoli fayiloyo sindinaipeze, choncho ndinaikopera kuchokera pa flash, koma palibe chimene chikuchitika. Magetsi akazima n'kuyakanso ndimayenera kulemba malamulowo pamanja, ndipo tsiku limene kulibe ine ana amangokhala. Kodi ndalakwitsa pati?

Mphunzitsi wa ku Katete:
Achimwene, chimene chasintha ndi pulogalamu yoyambitsa dongosolo lonse. Ubuntu 14.04 inkadalira Upstart, koma kuyambira 15.04, mu 2015, ntchitoyi ili m'manja mwa systemd. Mu 22.04 njira yakale ya rc.local sinatayidwe: systemd imayendetsabe /etc/rc.local kudzera mu rc-local.service, malinga ngati fayiloyo ili ndi chilolezo choti iyendetsedwe. Pamenepa ndi pomwe ndikukayikira, chifukwa flash yokhala ndi FAT32 (kasungidwe ka mafayilo kofala pa ma flash) siisunga zilolezo za Linux. Lembani sudo chmod +x /etc/rc.local, ndipo onetsetsani kuti mzere woyamba ndi #!/bin/sh. Ngati munaikonzapo pa Windows, ipititseni pa dos2unix, popeza mathero a mizere a Windows amasokoneza mzere woyambawo. Ikakanabe, journalctl -u rc-local ikuuzani pamene yagwera.

Mayi wa ku Petauke:
Zimene anena aphunzitsi ndi zoona, koma ine sindingakulangizeni kukhalitsa pa rc.local. Malangizo a systemd eniake amanena kuti fayiloyi inasiyidwa pofuna kuthandiza makina akale okha. Vuto lake ndinalionera pa seva ya ku ofesi kwathu: malamulo onse ali mumtolo umodzi, ndiye limodzi likalephera, kudziwa kuti ndi liti kumatenga nthawi, makamaka pamene rauta yachedwa kudzuka magetsi atabwerera. Sungani script yanu mu /usr/local/bin, kenako lembani fayilo yaifupi mu /etc/systemd/system yokhala ndi Type=oneshot, ExecStart yoloza ku script-yo, Wants ndi After zonse ziwiri zikhale network-online.target, komanso WantedBy=multi-user.target pansi pa [Install]. Mukatero lembani systemctl daemon-reload, kenako systemctl enable ndi dzina la fayilo yaifupiyo.

Wosamalira makompyuta, Chipata:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Chilolezo chinalidi chosowa, ndipo nditachikonza journalctl inaonetsa vuto lachiwiri: script inkatchula eth0, pamene khadi la netiweki tsopano likutchedwa enp2s0. Ndasintha dzinalo ndipo ana alowa pa intaneti m'mawa uno popanda ine kukhudza kalikonse. Amayi, Loweruka ndiyesa njira yanu sukulu ikakhala yopanda anthu, koma ndifunseko: kodi RemainAfterExit=yes ndiyofunika pa script yotereyi?